Galu wodwala mtima: musamudyetse tsiku lopima magazi a impso

Ndapita ku Tete kawiri m'sabata imodzi, ndipo mkwiyo sunatsikebe. Galu wanga Tigre ali ndi zaka 11, mtima wake wakula, ndipo usiku amatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Dokotala wa ziweto anamupatsa mankhwala a furosemide, enalapril ndi pimobendan, n'kunena kuti patatha masabata awiri tidzapime magazi a impso. Furosemide amatulutsa madzi m'thupi, mtima wofooka sukankhira magazi okwanira ku impso, ndiye impsozo zimavutika mbali ziwiri.

Za chapa, minibasi ya kwathu kuno, sindinena zambiri. Kuchokera ku Ulongué, woyendetsa anakana galu mpaka ndinalipira mpando wake ngati munthu.

Chimene chandipweteka ndi ichi: palibe anandiuza kuti galu asadye. M'mawa umenewo ndinamupatsa mkute wa nsima ndi nyama, poganiza kuti ulendo ndi wautali, asafooke ndi dzuwa la ku Tete lija. Titawoloka mlatho wa Samora Machel n'kufika pachipatala cha ziweto, mtsikana wa pakhomo anafunsa kuti, "Wadya?" Nditati eya, anangoti, "Ndiye lero ayi, bambo, nyama ikweza urea." Urea ndi zinyalala za m'magazi zimene impso zimachotsa. Ndalama ya chapa, tsiku lonse la kumunda, zonse m'madzi. Mawu amodzi okha pa foni akanakwana! Galu asale chakudya maola 8 mpaka 12, koma madzi amwe. Madzi musamumane, makamaka ngati ali pa furosemide.

Ulendo wachiwiri anatenga magazi m'khosi. Pepala linabwera m'Chipwitikizi: creatinina, ureia, potássio. Creatinine, zinyalala zina zimene impso zimasefa, anali pansi pa 1.4 mg/dL, malire a galu wabwinobwino, ndipo ine ndinayamba kumwetulira. Adokotala anapukusa mutu. Akuti creatinine amachokera m'minofu, ndipo galu wodwala mtima amaonda msana ndi ntchafu, kotero nambalayo imatha kuoneka bwino pomwe impso zayamba kale kutha mphamvu. Nthawi zambiri imakwera pamene magawo atatu mwa anayi a ntchito ya impso atayika. Tigre wanga nthiti zikuwerengeka, ndiye nambala ija sinandithandize kanthu.

N'chifukwa chake anati tipimenso SDMA, nambala ina ya m'magazi yoonetsa mphamvu ya impso, imene siidalira minofu ndipo imakwera msanga, pamene pafupifupi 40 peresenti ya ntchito ya impso yapita. Pamwamba pa 14 µg/dL ayamba kukayikira. Imeneyi sapima pomwepo, magazi amatumiza kutali, ndipo amalipiritsa padera. Ndinalipira ndikung'ung'udza.

Ndaiwala za mkodzo. Ndinautunga m'kabotolo m'mawa, ndikuthamangitsana ndi galu pabwalo, aneba akuseka. Kenako ndinamva kuti furosemide amausungunula, ndiye kulemera kwake sikunena zoona za impso. Anangouyang'ana ngati muli puloteni.

Zotsatira za SDMA zinafika pa WhatsApp: 17. Adokotala sanasiyitse furosemide, chifukwa madzi angabwerere m'mapapo. Anangochepetsa pang'ono, n'kundiuza ndiziwerenga kupuma kwake akagona, kusapitirire 30 pa mphindi. Mwezi wamawa tikupimanso, ndipo ndalemba kale pachitseko cha khitchini kuti usiku umenewo wina aliyense asayerekeze kumuponyera fupa.