Lero dzanja latuluka ngati dzanja

Lero m'kalasi aphunzitsi anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi osayankhula, kenako anangogwedeza mutu n'kupita kwa mnzanga. Ndinali ndikujambula dzanja la mayi ena amene anabwera kudzakhala pampando kuti tiwajambule. Dzanjalo linaloza kwa ine, zala zikuoneka zazifupi chifukwa zinali kutsogolo. Zimenezi zandisautsa teremu yonse. Maso amaona zala zazifupi, koma mutu umakakamira kuti chala n'chachitali, ndiye umangozitalikitsa osadziwa.

Chomwe chandithandiza n'kusiya kuthamangira chalacho. Ndimatambasula mkono, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuyeza ndi pensulo, kenako ndimajambula mipata ya pakati pa zala. Zalazo zimangotulukira zokha. Makala nawo ndayamba kuwakonda kuposa pensulo yofewa yojambulira yotchedwa 2B, chifukwa mthunzi umaufalitsa ndi chala, pamene pakuwala umapatulutsa ndi labala.

Ndatuluka m'kalasimo manja ali bii, malaya nawonso, koma mtima uli myaa. Pepala lija ndalikulunga bwinobwino, Loweruka ndikawaonetsa amayi kunyumba.