Feteleza amene mbewu sizinadye amathera kuti?

Yureya ali ndi nayitrojeni wokwana magawo 46 pa 100 alionse, koma kawirikawiri mbewu zimangodya theka lake kapena kucheperapo. Wina amauluka, wina amatsalira m'dothi, wina amatsika ndi madzi a mvula. Wotsikayu ndiye amadzatulukira m'chitsime.

Yureya akagwera m'dothi lachinyezi amasanduka amoniyamu, mtundu wina wa nayitrojeni, pakangopita masiku ochepa. Amoniyamu savuta kwenikweni chifukwa amakanirira ku dothi lamakande ndi ku zinyalala zowola. Vuto limayamba mabakiteriya a m'nthaka akamusandutsa nayitireti, mtundu winanso wa nayitrojeni amene dothi silimugwira n'komwe. Pa dothi lamchenga, chimvula chimodzi chingathe kumutsitsa kupitirira pamene mizu imalekezera, ndipo akadutsa pamenepo palibenso chomubweza. Amayenda pang'onopang'ono, mwina zaka makumi angapo, mpaka kufika m'madzi apansi. Choncho mjigo ungaonetse lero feteleza amene anathiridwa kalekale.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati nayitireti asapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Amene ali pangozi kwambiri ndi makanda osakwana miyezi 6 omwe akumwa mkaka wosungunula ndi madzi otere: magazi awo amalephera kunyamula okosijeni, milomo n'kuyamba kuoneka yabuluu. Madziwo sasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe. Kuwawiritsa n'kungowonjezera vuto, chifukwa madzi amatha ndi nthunzi pamene nayitireti amatsala mumphika. Kolorini nayenso samuchotsa. Yezani chitsime ndi timapepala toyezera nayitireti, makamaka mvula ikangotha, ndipo zikaonetsa pafupi ndi 50 tumizani madziwo ku labotale.

Kumunda, thirani feteleza kawiri kapena katatu m'malo mokhuthula yense nthawi imodzi, ndipo musathire kumwamba kukuopseza mvula yamphamvu. Manyowa nawonso muziwawerengera. Ambiri amawaona ngati osalakwa, chonsecho lamulo la 1991 la European Union, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, linaika malire a makilogalamu 170 a nayitrojeni wochokera ku manyowa pa hekitala pachaka m'madera amene madzi ake ali pachiopsezo.

Madzi apansi amadyetsa mitsinje, mitsinje n'kukathira m'nyanja zamchere. Kumeneko nayitireti amanenepetsa ndere. Ndere zikafa zimamira, ndipo mabakiteriya oziwoletsa amamaliza okosijeni wa pansi. Okosijeniyo akatsika kuchepera mamiligalamu 2 pa lita, nsomba zimathawa, zosatha kuthawa zimafa. Pafupi ndi pamene mtsinje wa Mississippi wa ku America umathira m'nyanja, mu 2017 dera losowa okosijeni lotere linaposa masikweya kilomita 22,000.

Masetilaiti monga Sentinel-3A, amene anaulutsidwa mu 2016, ndi PACE wa NASA, bungwe la ku America lofufuza zamlengalenga, wa mu 2024, amalondola nderezi poyang'ana mtundu wa madzi. Madzi oyera amabweza kuwala kwabuluu, a ndere zambiri amabweza kobiriwira, ndipo akatswiri amayerekeza ziwirizi kuti adziwe kuchuluka kwa ndere. Kamera ya Sentinel-3 imaona malo aang'ono mpaka mamita 300.

Koma tisawatame mopitirira. Setilaiti siona nayitireti weniweniyo, siona okosijeni wa pansi pa nyanja, ndipo mitambo ikaphimba ndiye kuti tsikulo palibe chithunzi. M'mphepete mwa nyanja matope ochokera ku mitsinje amaisokoneza, moti imatha kuwerenga ndere zambiri kuposa zimene zilipo. N'chifukwa chake dera la ku Mississippi lija amaliyezabe ndi sitima, kutsitsa zipangizo m'madzi malo ndi malo, zithunzi za setilaiti n'kumangothandiza kuonetsa kumene ndere zachuluka komanso nthawi imene zinayambira.