Usiku umene ndinapepesa khoma

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi mothira mchere, ndiloleni ndiinene ndekha. Inde, ndinagenda khoma. Koma mumve kaye.

Nyumba ya alendo imene tinagonako ku England ija ndi ya m'zaka za m'ma 1700, nthawi ya ngolo zokokedwa ndi akavalo, sitima zapamtunda zisanabwere. Chipata chake n'chachikulu moti ngolo inkalowa yonse, koma zitseko za m'kati zimafuna munthu wodzichepetsa. Mitanda ya denga la m'bala inali itandikhoma kale pamphumi kawiri, ndiye nzeru zinali zitasunthako pang'ono. Mowa ndinamwa matambula awiri okha. Mwina atatu.

Ndinatuluka kukapitidwa mphepo kuseri, kumene kale kunali makola a akavalo. Pobwerera, chitseko chakana. Foni ili m'chipinda. Ndinawerenga mawindo a pamwamba, n'kunena kuti lachitatulo ndi lathu, n'kutola timiyala.

Kho! Kuli zii. Kho! Kuli zii.

"Amayi, tsegulani, ndine!"

Ndinakwera pa chimwala chimene anthu ankapondapo pokwera kavalo, kuti mawu afike bwino. Zii yemweyo. Apa ndinadziwa kuti mayi akunyumba akundimva ndithu, kungoti akwiya. Ndiye ndinayamba kupepesa. Ndinapepesa za mowa. Ndinapepesa za mkonono. Nditaona kuti windo silikufewa mtima, ndinaulula kuti ndalama ija ndinati yagwera m'basi sinagwe ayi, ndinagulira nsapato zimene ndinavala pamwalapo. Ndinaika dzanja pamtima, abale, ine bambo wa ana atatu, ndikunjenjemera ndi chisanu, mpaka ndinalonjeza kuti ndisintha.

Kenako kunatulukira mkulu wina wogwira ntchito pamenepo, tochi kumanja. Anawalitsa pa windo lija. Njerwa zokhazokha! Galasi ndi felemu yake zonse zojambula ndi penti.

M'malo monditsegulira, mkuluyo anayamba kundiphunzitsa. Akuti mu 1696, nthawi ya Mfumu William III, boma linakhazikitsa msonkho wa mawindo: nyumba ikachuluka mawindo, mwini wake ankalipira zambiri. Ena anangotseka mawindo ndi njerwa, ndipo msonkhowo utathetsedwa mu 1851 ambiri sanavutikenso kuwatsegula. Ine ndili chiimire pamwala, mutu ndikugwedeza ngati mwana wa sukulu.

Tsono ndiuzeni, wolakwa ndani? Munthu wanzeru zake angajambule windo pakhoma mwaluso chotero, osalembapo chenjezo? Mumdima muja ngakhale inu mukanagenda.

Chitseko chija sichinakhomedwe n'komwe. Chimangofuna kukweza kachitsulo kenakake ndi chala chachikulu, ine ndinkakankha ndi phewa. Chipinda chathu chinayang'ana kumsewu, ndipo mayi ndinawapeza ali m'tulo tofa nato, sanamve kanthu.

Anamva zonse ndi alamu anga. Windo lachinayi linali lawo, lenileni, lotsegula. Ndalama ija ndikubwezabe pang'onopang'ono.