Ulendo Wophunzitsa Mawu a Mulungu ku Scotland

Paulendo wathu wophunzitsa Mawu a Mulungu ku Scotland tinayendera mipingo ya Church of Scotland mumzinda wa Glasgow, ndipo tinakafikanso ku Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira m'chaka cha 1813. Chinandiwawa mumtima kuona matchalitchi akuluakulu amiyala muli anthu owerengeka, ambiri mwa iwo okalamba, chikhalirecho mpingo umenewu ndiwo unatumiza amishonale amene anakhazikitsa Mishoni ya Blantyre kwathu kuno mu 1876. Komabe okalambawo Malemba amawadziwa, ndipo mphunzitsi wobwera osakonzeka angachite nawo manyazi. Titaphunzitsa kalata ya Paulo yopita kwa Afilipi, mayi wina anatsegula Baibulo lake lodzaza ndi zolemba za pensulo, natipanikiza ndi mafunso okhudza kudzichepetsa kwa Khristu m'mutu 2.