Madzi a ku Kariba sagwa ku Kariba: zimene kosi ya semesita ino yandisiyira m'mutu

Semesita ino tinali ndi kosi ya kasamalidwe ka mitsinje yodutsa malire a mayiko, ndipo kunena zoona mbali ya masamu sinandivute kwenikweni, kuwerengera madzi oyenda mumtsinje pa sekondi munthu umangozolowera. Chimene chandizunguza mutu ndi funso limene alekichala athu ankabwereza pafupifupi kalasi iliyonse, loti ukadziwa zonsezo ndiye ukauza ndani, nanga iyeyo akumvere chifukwa chani.

Ambiri kuno ku Lusaka tikamva Zambezi timangoganiza Livingstone ndi Kariba basi. Koma mtsinjewu umayambira cha ku Ikelenge ku North-Western, umalowa mu Angola, n'kubwereranso kwathu pa Chavuma, umafalikira m'chigwa cha Barotse kumene kumachitika Kuomboka, umadutsa m'malire a Namibia, umakhudza Botswana pa Kazungula, kenako ukhala malire athu ndi Zimbabwe mpaka pa Luangwa pomwe umalowa mu Mozambique, kudzaza damu la Cahora Bassa, kulandira Shire wochokera ku Malawi, mpaka kunyanja ya Indian. Ukawerenga mayiko onse amene madzi awo amathira mu Zambezi akukwana 8, Tanzania alimo chifukwa cha mitsinje yothira m'nyanja ya Malawi. Mayiko 8, nduna za madzi 8, bajeti 8, zisankho zochitika zaka zosiyana, koma madzi ndi amodzi omwewo.

Mapepala ogwirizanirana alipo ndithu, si kuti anthu sanakhalepo pansi. SADC ili ndi pangano la mitsinje yogawana limene linakonzedwanso mu 2000. Pangano lokhazikitsa ZAMCOM, bungwe loti mayiko a m'dera la Zambezi aziyang'anira mtsinjewu limodzi, linasainidwa ku Kasane mu 2004, linayamba kugwira ntchito mu 2011, ofesi yake ili ku Harare, ndipo chimene chinandidabwitsa ndi choti ife a Zambia, amene gawo lalikulu la dera la mtsinjewu lili m'dziko mwathu, sitinasaine nawo mu 2004, tinadzalowa mochedwa mu 2013. Mutha kumvetsa chifukwa chake, amene ali kumtunda ndipo madzi ambiri akuchokera kwa iye amaopa kuti amangidwa manja. Palinso Zambezi River Authority ya 1987 imene likulu lake lili mu Lusaka momwe muno, ya mayiko awiri okha, ife ndi Zimbabwe, yoyang'anira damu la Kariba ndi kugawa madzi opangira magetsi chaka ndi chaka.

Pa Kariba ndi pomwe ndinaima nthawi yaitali. Nyanja yonse ija, yaikulu mochititsa mantha, madzi amene angagwire ntchito yopanga magetsi ndi mamita 13 apamwamba okha, pakati pa mamita 488.5 (kuyeza kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere) pomwe damu limakhala lodzadza ndi 475.5 pomwe makina sangapitirire. Ndiye ukapita ku Siavonga uona madzi mpaka kosafika maso ndipo uzidabwa kuti akuti madzi atha bwanji, pomwe pansi pa mzere umenewo madziwo alipo koma opanda ntchito kwa makina. Mu 2024 mayiko awiriwa anapatsidwa makyubiki mita 16 biliyoni okha, aliyense 8, mvula itakanika chifukwa cha El Niño, ndipo a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala chimenecho ndi tsoka la dziko lonse. Zotsatira zake sindikuuzani ine, tonse tinaziona, malaiti kubwera pakati pa usiku anthu n'kudzuka kusita ndi kutchaja mafoni, a saluni ndi owotcherera zitsulo kukhala manja lende, makala kukwera mtengo tsiku ndi tsiku.

Koma mfundo imene yandigwira kwambiri ndi ya nthawi. Madzi amene amayendetsa makina a Kariba mu September ndi mvula imene inagwa ku Angola ndi ku North-Western miyezi ya m'mbuyo, amachedwa m'chigwa cha Barotse, ndipo pa Victoria Falls amafika pachimake cha mu April. Kutanthauza kuti munthu amene akuwerenga zoyezera madzi pa Chavuma mu February ndi March akudziwa kale mmene chaka chitiyendere ife a mu Matero ndi Chawama tisanayambe n'komwe kudandaula. Ndiye vuto si kusadziwa ayi. Vuto ndi loti uthengawo umayenda bwanji kuchoka kwa injiniya kufika pa tebulo la munthu amene angalamule kuti tiyambe kugula magetsi kunja pano, kapena tichepetse kutulutsa madzi pano, zinthu zisanafike poipa.

Kuti timvetse izi alekichala anatigawa m'magulu, gulu lililonse dziko lake, iwo anakhala nduna ndipo aliyense anapatsidwa mphindi ziwiri zokha. Gulu lina linabwera ndi tchati chokongola kwambiri, mizere yamitundumitundu yosonyeza mmene kutentha kukwerere pofika 2050, mnzathu wina akufotokoza mwaluso ndithu. "Nduna" ija inangokhala ikuyang'ana foni, kenako inadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndamva, koma mu October malaiti azizima maola angati, nanga ndikauza chani Parliament?" Kalasi yonse kuseka, mnzathuyo kukanda mutu, tchati chili m'manja. Sikuti ziwerengero zake zinali zolakwika, zinali zolondola, kungoti nduna imayankha mafunso a magetsi, mtengo wa unga ndi ntchito za anthu, ndipo chisankho chimabwera pakatha zaka zisanu zilizonse pomwe iye akukamba za 2050.

Gulu lathu linatenga Mozambique, ndipo apa ndi pomwe munthu wa ku Lusaka umaona zinthu mozondoka. Tinazolowera kudandaula kuti madzi achepa, koma wa ku Tete mantha ake ena ndi oti mvula ikachuluka ndipo zitseko za Kariba zatsegulidwa, madzi onsewo akubwera kwa iye, kuphatikiza a Kafue ndi a Luangwa, pomwe Cahora Bassa nayo ili ndi malire ake, ndipo kumunsi kuli midzi ndi minda. Iye chimene akufuna kwa ife ndi chenjezo lofika msanga. Kusintha kwa nyengo kukubweretsa zonse ziwiri, chilala cha 2024 komanso namondwe ngati Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 amene anasakaza Mozambique ndi kumwera kwa Malawi. Zili ngati anthu okhala pa yadi imodzi pampopi umodzi, wapafupi ndi mpopi akatseka ena agona ndi ludzu, akausiya wotsegula madzi alowa m'nyumba ya wakumunsi.

Ine maganizo anga, ndipo ena m'kalasi sanagwirizane nane, ndi oti timataya mphamvu zambiri kuthamangitsa nduna pamisonkhano ya m'mahotela. Nduna imabwera, kutsegulira msonkhano, kujambulitsa, kunyamuka isanafike ngakhale nthawi ya tiyi. Amene amatsala ndi ma dayirekita, anthu a WARMA (bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno), alembi a makomiti a Parliament, a ku unduna wa zachuma amene amalemba manambala a bajeti miyezi ingapo isanawerengedwe cha kumapeto kwa September. Amenewo ndi amene angaike ndalama yokonzera choyezera madzi chimene chinakokoloka ndi kulipira munthu wochiwerenga m'mawa uliwonse, zinthu zosasangalatsa, palibe amene amadula riboni pa choyezera madzi, koma popanda izo mayiko akugawana chani, nkhambakamwa?

Komanso tisamangoti opanga mfundo ndi a masuti okha. Pomanga Kariba m'ma 1950 anthu a Chitonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo mpaka pano nkhaniyo siinazizire ku Gwembe. Ku Western sungakambe za madzi a m'chigwa osadutsa kwa a Litunga, mfumu ya Alozi, ndi nduna zawo. Pano kukukambidwa za damu la Batoka Gorge la mamegawati 2,400 kumunsi kwa Victoria Falls, pamtsinje womwewo umene unatikhumudwitsa mu 2024, ndiye funso loti tiike mazira onse pa madzi kapena tiwonjezere sola liyenera kufunsidwa ndi anthu ambiri, osati mainjiniya okha.

Asainimenti yomaliza ndi kulemba tsamba limodzi lokha lopita kwa komiti ya Parliament, osapitirira. Ine ndasankha nkhani ya zoyezera madzi za kumtunda kwa Zambezi ndi kugawana ziwerengero ndi Angola. Ndime yoyamba ndayamba ndi maola a magetsi, kusintha kwa nyengo kukubwera m'ndime yachitatu, ndipo mnzanga wa tchati uja akuti ndagulitsa sayansi. Tikapereka Lachisanu, tiona kuti alekichala anena chani.