Zikomo Flames, Zikomo a Mwase

Fumbi la mpikisano wa mpira wa Africa Cup of Nations (AFCON) umene unachitikira ku Cameroon mu 2022 linakhazikika, chikho chinapita ku Senegal, ndiye ndati ndilembe mawu anga othokoza anyamata athu mtima utatsika pansi.

Ndiyambe ndi Richard Mbulu. Anthu ambiri akamakamba za ulendowu amathamangira kwa Gabadinho Mhango (Gaba), koma chitseko anatsegula ndi Mbulu pa 29 Malichi 2021, pamene anamwetsa chigoli chimodzi chija pa Kamuzu Stadium n'kugwetsa Uganda. Uganda inkangofuna kufanana mphamvu kuti ipite, ife tinkafunika kupambana basi. Tinapambana, ndipo aka kanali kachitatu kokha kuti Malawi ikafike ku mpikisano wa Africa Cup of Nations, kutsatira 1984 ndi 2010. Achimwene Mbulu, zikomo.

Miyezi yotsatirayo inali yowawa, tisabise. M'masewero olimbirana malo ku World Cup tinagwera gulu limodzi ndi Cameroon, Ivory Coast ndi Mozambique, ndipo tinamalizira kumchira ndi mapointi atatu okha. Masewero amene ankatchedwa apakhomo tinkakasewerera ku Orlando Stadium ku Johannesburg chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe. Ine ndinali m'gulu la anthu amene ankati ku Cameroon tikungopita kukaperekeza anzathu.

Apa ndiye ndifike pa munthu amene ndalembera kalatayi makamaka. A Meck Mwase, inu ndinu mphunzitsi amene munatitengera ku AFCON. Kutatsala milungu yochepa kuti mpikisano uyambe, bungwe loyendetsa mpira la FAM linapereka utsogoleri wa timu kwa a Mario Marinica a ku Romania, inu n'kukhala wachiwiri. Wina akanatenga chikwama chake n'kubwerera kwawo, kapena akanapita kumanyuzipepala kukalalata. Inu munakwera ndege limodzi ndi anyamata, kukachita zokonzekera ku Saudi Arabia. Kenaka Covid-19 inalowa mumsasa, inagwira osewera angapo, inagwiranso a Marinica, ndipo timu inabwerera m'manja mwanu pa nthawi imene zinthu zinali zitathina kwambiri. Pa 10 Januwale 2022 ku Bafoussam munakumana ndi Guinea benchi ili pululu, Gabadinho Mhango kulibe. Tinagonja 1-0, koma amene anaonera akudziwa kuti mipata tinali nayo ndipo Guinea inatuluka thukuta. Patangopita masiku anayi munatigonjetsera Zimbabwe. Mapointi atatu amenewo ndi amene anatinyamula, ndipo anabwera inu muli pamzere. Sindikuchotsera ulemu a Marinica, ntchito yawo inaoneka pa Senegal ndi Morocco, nawonso zikomo. Koma kudzichepetsa kwanu, bambo, kusaiwalike.

Gaba, tikuthokoze bwanji? Zimbabwe itatsogola kudzera mwa Ishmael Wadi, ambiri tinagwira mutu kuti zayambanso. Iwe unabweza tisanapite kokapuma, n'kuwonjezera china m'chigawo chachiwiri. Abale athu okhala ku Harare ndi Bulawayo anayenda mapewa m'mwamba sabata imeneyo. Za chigoli cha Morocco ndibwerako.

Pa 18 Januwale tinakumana ndi Senegal ya Sadio Mané, Kalidou Koulibaly ndi Edouard Mendy. Pagolo panali Charles Thomu wa Silver Strikers, mnyamata amene ambiri kunja sankamudziwa n'komwe. Anagwira zonse mpaka anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa tsikulo. Kutsogolo kwake a kaputeni Limbikani Mzava, Dennis Chembezi, Lawrence Chaziya, Stanley Sanudi ndi Gomezgani Chirwa anamanga mpanda nthawi zosiyanasiyana mumpikisanowu, John Banda akuthamanga pakati ngati alibe mapapo. Penate ija ya Gomezgani, imene woyimbira anapereka kenaka n'kuikaniza atakaonera pa kanema wa VAR, tidzakangana nayo mpaka ukalamba. Kwa ine inali penate. Komabe 0-0 inatikwanira, tinatuluka m'gulu ndi mapointi anayi n'kulowa mu ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri ya dziko lino. Senegal yomweyo ndi imene inakatenga chikho pa 6 Febuluwale, koma ukonde wa Thomu sinaugwedeze.

Tsiku la Morocco, 25 Januwale, linafika dziko lili pa chisoni. Namondwe Ana anali atangowomba kumene, madzi atasefukira ku Chikwawa, Nsanje ndi madera ena a kummwera, anthu atataya abale, nyumba ndi mbewu. Malo opangira magetsi a Kapichira anawonongeka ndipo madera ambiri anali mumdima. Choncho ndithokozenso eni majenereta ndi masola amene anatsegula makomo awo kuti anansi aonere nawo, eni mavidiyo sho amene anathira mafuta a m'thumba mwawo, ndi owulutsa mpira pa wailesi amene anakhala maso a anthu ambiri usiku umenewo. Pa mphindi ya 7, Gaba anaona Yassine Bounou wasuntha pang'ono pagolo, n'kuumenya ali kutali pafupifupi pakati pa bwalo. Mpira unapita, unapita, mpaka muukonde. Phokoso limene linamveka m'makwalala amdima aja sindinalimvepo. Youssef En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chikutha, Achraf Hakimi n'kumaliza ndi filikiki yoti goloboyi aliyense akanangoiperekeza ndi maso. Tinatuluka 2-1, koma kwa nthawi yaitali ya chigawo choyamba Malawi inali patsogolo pa Morocco ku Yaoundé, ndipo anthu amene anali atangolira masana anapeza chosekerera.

Zikomonso madokotala a timu amene analimbana ndi matenda mumsasa, ochapa ndi kusamala mayunifomu, makalabu a Super League amene analera ambiri mwa anyamatawa, ndi mabanja awo amene anadya Khirisimasi okha.

Kwa akuluakulu a boma ndi a FAM, pempho langa ndi limodzi. Samalirani mabwalo athu azikhala ovomerezedwa, kuti masewero akubwerawa anyamatawa adzasewerere ku Lilongwe kapena ku Blantyre, tidzawathokoze pamaso ndi ng'oma ndi mavuvuzela.