Miyala ya ku Alexandria ndi funso la agogo

Ndafika mu Harare Lachiwiri, ndiye Loweruka ndinakwera kombi wa ku Mufakose kukawaonetsa agogo zithunzi za ku Egypt. Mapiramidi sanawalabadire n'komwe, anangodutsitsa ndi chala, koma atafika pa linga la Qaitbay la ku Alexandria anaima n'kufunsa kuti kodi nyanjayi ikuposa ya kwathu ku Nkhotakota? Ndinati agogo iyi ndi Mediterranean, madzi ake ngamchere, mphepo yake ikakuwomba nkhope imachita kumata.

Lingalo lili kunsonga kwenikweni kwa doko, umayenda m'mbali mwa nyanja kudutsa maboti a asodzi ndi anyamata ogulitsa chimanga chootcha mpaka miyendo kuwawa. Anamangitsa ndi Sultan Qaitbay, mfumu ya Egypt, kuyambira 1477 poopa zombo za ufumu wa Ottoman wa ku Turkey. Koma ine chinandigwira mtima n'chakuti pamalo pomwepo m'pomwe panali Pharos, nsanja ya nyali yotchuka ija yomwe inkaunikira zombo kuyambira cha m'ma 280 Yesu asanabadwe, kutalika kwake kupitirira mamita 100. Zivomezi zinaigwetsa, makamaka cha mu 1303 ndi cha mu 1323, ndiye amisiri a Qaitbay sanavutike ayi, anatola miyala ina yomweyo n'kumangira linga. Pakhomo pali zimiyala zofiirira zosiyana ndi zinzake, ndinazisisita ndi dzanja kwa nthawi ndithu mpaka alonda anayamba kundiyang'anitsitsa.

Mkati muli kamzikiti, masitepe opapatiza oti awiri simungapambane bwino, ndi timawindo tating'ono, ukasuzumira umangoona thovu la mafunde akumenya khoma pansipo. Angelezi analiphulitsa ndi mizinga mu 1882, kenako linadzakonzedwanso.

Za miyala yotolayo agogo sanadabwe nazo olo pang'ono. Anangoloza kanyumba ka kuseri kaja n'kunena kuti nanga malemu agogo ako aamuna sanamange ako ndi njerwa zotola pogumula? Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, "Nanga ku Masvingo unapitako mwana iwe? Kumene kuja miyala anangosanja popanda dothi kapena simenti ndipo mpaka lero ili chiimire."

Zaka 34 ndili mu Zimbabwe muno, Great Zimbabwe, mabwinja a miyala a ku Masvingo amene agogo amanenawo, ndimangoiona pa TV. Ndinati tiyi wanu wazizira agogo, dikirani ndikakutenthetsereni.